Tiyi ndi Nyengo za Chaka ku Thyolo

Munthu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje amadzera m'boma la Thyolo. Akangopitirira pa Bvumbwe, posakhalitsa amayamba kuona minda yobiriwira yoyalidwa m'zitunda ngati mphasa. Imeneyi ndiyo minda ya tiyi. Alendo ambiri amayesa kuti popeza mindayi imabiriwira chaka chonse, ntchito yakenso ndi imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Koma sizili choncho ayi. Tiyi amamvera nyengo, ndipo anthu amene amadalira tiyiyo nawonso amaimvera, afune asafune.

M'dziko muno tiyi anayamba kulimidwa ngati mbewu yogulitsa ku Mulanje m'chaka cha 1891, pamene Henry Brown anabzala mbewu zochokera ku Mishoni ya Blantyre. Ku Thyolo anafika pambuyo pake. Imodzi mwa maesiteti akale kumeneko ndi Satemwa, imene Maclean Kay anaiyambitsa mu 1923. Alimiwa anasankha maboma awiriwa chifukwa ndi okwera, nthaka yake ndi yakuya, ndipo mvula imagwa yambiri kuposa m'zigwa monga ku Chikwawa.

Nthawi ya ntchito yaikulu ndi dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo. Kutentha kukakumana ndi mvula, tiyi amaphukira msanga, kotero kuti gawo lalikulu la zokolola za chaka chonse limapezeka m'miyezi imeneyi. Othyola amalawirira m'mamawa atabereka madengu kumsana. Pa mphukira iliyonse amathyola masamba awiri anthete pamodzi ndi kansonga kake, ndipo pakangopita sabata imodzi kapena masiku khumi amabwereranso pa munda womwewo. Akachedwa, masamba amakhwima, tiyi wake sakomanso. N'chifukwa chake ntchito siima ngakhale mvula ivumbe bwanji. Anthu amangofunda mapepala apulasitiki n'kumapitiriza. Masamba akayezedwa pa sikelo amapita ku fakitale tsiku lomwelo, pakuti akaunjikana nthawi yaitali amatentha n'kuonongeka.

Koma taganizirani izi. Miyezi yomweyi ndi imene chimanga cha kumudzi chimafuna kupalira ndi kubandira, komanso ndi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha. Banja limafuna ndalama za ku esiteti kuti ligule chakudya cha lero, koma likasiya munda wake lidzasowa chakudya cha mawa. Mabanja ambiri amagawana: wina ku tiyi, wina ku munda, ndipo madzulo wothyola uja amagwiranso khasu dzuwa lisanalowe.

Pofika mu Meyi mvula imaleka ndipo kumayamba kuzizira. Apa m'pamene pamabwera chiperoni. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mphepoyi imachokera. Mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja yamchere ya India ikafika pa mapiri imakwera, ikakwera imazizira, ndipo chinyontho chake chimasanduka nkhungu ndi mvula yowaza. Chiperoni chimatha kukhala masiku atatu kapena kupitirira, dzuwa osaoneka. Zovala siziuma, nkhuni zimavuta kuyaka, ndipo ana asukulu amafika m'kalasi mano ali gwegwede. Palibe amene amachikonda pamene chikuwaza. Komabe ndi chimene chimasunga chinyontho m'nthaka mvula itatha, ndipo tiyi, nthochi, mbatata ndi nandolo zimapindula nacho. Mlimi wa ku Thyolo amachidandaula pakamwa chabe.

M'nyengo yozizirayi tiyi amakula pang'onopang'ono. Eni minda amapezerapo mwayi wodulira mitengo ya tiyi kuti isatalike kupitirira m'chiuno mwa munthu. Nthambi zodulidwazo sazitaya kapena kuzitentha, koma amazisiya pansi kuti ziphimbe nthaka. Popeza masamba amachepa, antchito ambiri olembedwa m'dzinja amaimitsidwa. Ena amapita ku madimba, ena amaumba njerwa, ena amayamba kamalonda, ndipo amene sanasungeko kanthu m'dzinja amaona miyezi imeneyi kutalika.

Chilimwe, makamaka mwezi wa Okutobala, ndicho chimayesa tiyi koposa. Mbande zongobzalidwa kumene zimatha kuuma, choncho amaziphimbira ndi udzu, ndipo maesiteti ena amathirira ndi madzi a m'madamu. Ku Mimosa, m'boma la Mulanje, akatswiri ofufuza za tiyi akhala akupanga mitundu yopirira chilala, imene alimi aang'ono nawonso amabzala.

Masiku ano akuluakulu amadandaula kuti nyengo sikudziwikanso bwino ngati kale. Zaka zina mvula imachedwa kuyamba, zaka zina imagwa yoopsa, monga mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula nyumba, minda ndi misewu m'chigawo cha kummwera, kuphatikizapo Thyolo. Nkhalango yaikulu ya m'phiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse, ndipo pamalo opanda mitengo madzi amvula salowa bwino pansi, amangothamanga atasenza nthaka. Poona zimenezi, alimi ayamba kulima mizere yopingasa m'malo otsetsereka, kubzala udzu wa vetiva, ndi kusiya mitengo m'mphepete mwa mitsinje, kuti madzi a m'dzinja adzapezekebe mu Okutobala.