Momwe maselo amalankhulirana pokonza mitsempha yowonongeka

Matenda a Guillain-Barré amayamba ndi dzanzi kumapazi ndi kulemera kwa miyendo, kenako kufooka kumakwera mpaka m'manja, nthawi zina mpaka m'chifuwa, moti wodwala amafunika makina omuthandiza kupuma. Madokotala a ku France, Georges Guillain, Jean Alexandre Barré ndi André Strohl, anawafotokoza mu 1916 atawaona mwa asilikali awiri. Gwero lake ndi chitetezo cha m'thupi chimene chasokonekera. Kawirikawiri munthu amakhala atadwalako chifuwa kapena kutsegula m'mimba, makamaka koyambitsidwa ndi kachilombo ka Campylobacter jejuni kopezeka m'nyama ya nkhuku yosapsa. Kunja kwa kachilomboka kumafanana ndi kunja kwa mitsempha yotumiza mauthenga, ndiye asilikali a m'thupi amangoukira zonse osasiyanitsa.

Mitsempha yambiri ndi yokutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, monga waya wamagetsi amakutidwira ndi pulasitiki. M'mitsempha ya m'miyendo ndi m'manja, okuta mafutawa ndi maselo a Schwann, ndipo nkhani yonse ya kuchira yagona pa iwowa. Mtsempha ukavulala, puloteni ya c-Jun imachuluka mkati mwa maselowa n'kuwasintha ntchito: amaleka kukuta, n'kuyamba kukonza. Mu 2012 gulu la Kristjan Jessen ndi Rhona Mirsky ku University College London linasonyeza kuti mbewa zimene maselo ake a Schwann alibe c-Jun, mitsempha yake siphukanso bwino.

Akasintha chonchi, maselowa amatulutsa mapuloteni onyamula uthenga. Ena, monga CCL2, amaitana maselo odya zinyalala otchedwa macrophage kuti adzachotse myelin wowonongeka, chifukwa zotsalira zake zimatchinga njira. Chodabwitsa n'chakuti maselo a macrophage omwewa ndi amene amasenda myelin matenda akamakula, koma uthenga ukasintha amasanduka othandiza. Mapuloteni ena, monga NGF, BDNF ndi GDNF, amasunga mtsempha kuti usafe ndipo amaukoka kuti utalike. Maselo a Schwann amandanda mumzere, ndipo nsonga ya mtsempha imalondola mzerewo, pafupifupi milimita imodzi patsiku. Apa m'pamene pamasiyanira odwala: amene anangosendeka myelin amadzuka pa masabata kapena miyezi yochepa, koma amene mtsempha weniweniwo unaduka amatha chaka kapena kuposerapo, poti kuchokera m'chiuno kukafika kuphazi ndi mtunda wautali.

Pomaliza nawonso mtsempha umayankha. Umaonetsa puloteni ya neuregulin 1, imene imagwirana ndi ErbB2 ndi ErbB3 pa selo ya Schwann n'kuiuza kuti iyambirenso kukuta.

Vuto n'lakuti maselowa sadikira mpaka kalekale. Miyezi ikamapita mtsempha usanafike, mphamvu yawo yokonza imazilala. Mu matenda ena ofanana ndi a Guillain-Barré otchedwa CIDP, amene amapitirira masabata 8, myelin amasendeka n'kukutidwanso mobwerezabwereza mpaka mtsempha kufookeratu.

Mankhwala amene alipo a Guillain-Barré, omwe ndi immunoglobulin wa m'diripi komanso kusefa madzi a m'magazi, amangoletsa kuukirako. Kukonza kwenikweni amachita ndi maselo okha, pomwe mafizo amasunga minofu ndi mfundo kuti zisaume. Wodwala mmodzi mwa asanu alionse amakhala asanayambe kuyenda yekha pakatha miyezi 6. N'chifukwa chake munthu amene miyendo yake yonse iwiri ikufooka mofulumira pa masiku ochepa ayenera kutengeredwa kuchipatala tsiku lomwelo.