Cizolowezi Cimadya Ndalama: Njira Yocoka ku Sekondale Kufika ku Polisi

Mwana wa giredi 10 akagwidwa ndi apolisi, timafulumira kunena kuti anzake ndiwo anamuononga. Anzake alimo ndithu, koma pali cina cimene sitikamba kawirikawiri: ndalama. Mowa, camba, mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine, kubeca pa foni, zonsezi zimafuna ndalama tsiku ndi tsiku, pamene mwana wa sukulu salandira malipiro.

Poyamba amadya ndalama ya basi ndi ya cakudya ca masana. Ikacepa, cenji ya kumsika sibwera yonse. Kenaka m'nyumba mumasowa foni kapena nsapato, ndipo ife, mwacisoni, timayamba kukalipira wanchito kapena mwana wamasiye amene tikusunga. Wogulitsa camba savuta kukongoza, cifukwa adziwa kuti mwana wa nkhongole adzamutumikira. Adzamutuma kunyamula katundu m'cola ca mabuku, popeza yunifomu siikayikiridwa. Apa cizolowezi casanduka mlandu. Kwa atsikana, nkhongole yotere nthawi zambiri imalipidwa ndi thupi.

Kujomba kumabwera pambuyo pake. Kuyambira 2022, pamene maphunziro anakhala aulere mpaka kumapeto kwa sekondale, makalasi adzaza kwambiri. Ndi dalitso, koma mphunzitsi sangaone msanga kuti mpando umodzi ulibe munthu. Mwana wojomba amapeza ojomba anzake, ndipo magulu amene mu Lusaka timati majunkies, olanda anthu mafoni m'makomboni, amakula motero.

Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma mowa waukali wochipa unabweranso m'timabotolo, ndipo kacasu sanacoke. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Tisadzinamize: ena ogulitsawo timakhala nawo pa benci imodzi pa Sondo.

Tidziwenso kuti lamulo la ana la 2022 linaika zaka 12 kukhala msinkhu umene mwana angayambe kuyankha mlandu. Conco pafupifupi mwana aliyense wa sekondale angaimirire pamaso pa khoti la ana. Lamuloli limakonda kuti mwana awongoledwe osati kutsekeredwa, komabe wa mlandu waukulu angatumizidwe ku Katombora, m'boma la Kazungula, kutali ndi kwao.

Popeza njirayi imayambira pa ndalama, ndi pomwepo tingaionere msanga. Ndalama ikasowa kawiri katatu, kapena mwana akakhala ndi cinthu cimene sitinamugulire, tikhale naye pansi tisanatenge lamba. Tifunse ngati ali ndi nkhongole, ndipo kwa yani. Tipite kusukulu tikaone kaundula ndi maso athu, tikambe ndi mphunzitsi wa uphungu. Bungwe la DEC, limene ambiri timalidziwa pa zogwira anthu cabe, lilinso ndi alangizi, ndipo kholo lingapite ndi mwana mlandu usanakhalepo. Amene aopa kupita okha auze abusa kapena mkulu wa mpingo awaperekeze.