Malonjezo a Maiko pa Nkhani ya Utsi: Tiŵayeze ndi Muyeso Uti?

Lero tikambe za mapangano amene maiko amapanga pofuna kuchepetsa utsi umene ukutenthetsa dziko lapansi, makamaka wochokera ku malasha ndi mafuta.

Pangano la ku Kyoto, m'dziko la Japan, la chaka cha 1997, linaika malire kwa maiko olemera okha. China ndi India sanapatsidwe malire. Dziko la America linakana kulivomereza podandaula zomwezo, ndipo mu 2011 Canada analengeza kuti akutulukamo. Nchifukwa chake pa msonkhano wa ku Paris mu 2015 anasintha njira: dziko lililonse lizilemba lokha lonjezo lake.

Apa mpamene pagona nkhani. Mwamuna akauza mkazi wake kuti wachepetsa moŵa ndi theka, mkazi wanzeru amafunsa kuti, "Kuŵerengera liti?" Ngati bamboyo akuŵerengera tsiku la ukwati wa mphwake, pamene anagona m'ngalande, thekalo silitanthauza kanthu.

Maiko nawonso amasankha chaka choyambira kuŵerengera. Bungwe la European Union linalonjeza kuchepetsa utsi ndi magawo 55 pa 100 alionse pofika 2030, poyerekeza ndi 1990, mafakitale akale a kum'maŵa kwa Ulaya asanatsekedwe. Russia nayenso amakonda 1990, pakuti ulamuliro wa Soviet Union utagwa mu 1991 utsi unatsika wokha, popanda wina kukhetsa thukuta. Japan anasankha 2013, pamene ankatentha malasha ndi gasi wambiri atatseka malo opangira magetsi a nyukiliya chifukwa cha ngozi ya ku Fukushima ya 2011. America, polonjeza mu 2021, anasankha 2005, chaka chimene utsi wake unali pafupi ndi pachimake. Palibe amene ananama, koma aliyense anabwera ndi muyeso wakewake.

Funso lina nlakuti, tiŵerengere dziko kapena munthu? Kuyambira cha m'ma 2006, China ndiye amatulutsa utsi wambiri kuposa onse. Koma tikagaŵa pa munthu mmodzi pa chaka, wa ku America amatulutsa matani pafupifupi 14, wa ku India pafupifupi 2, pamene Mmalaŵi safika ngakhale theka la tani. Komabe namondwe Freddy atafika mu 2023, anapha anthu oposa 1,000 kuno kwathu, makamaka m'chigawo cha kum'mwera.

Mu 2022, ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, maiko anavomera kukhazikitsa thumba la ndalama zothandizira maiko oonongekeredwa motere, koma kuponyamo nkwaufulu. Nalonso pangano la ku Paris lilibe chilango kwa wolephera lonjezo lake. America anatulukamo mu 2020, nabwereramo mu 2021, ndipo mu Januwale 2025 Pulezidenti Donald Trump anasainira lamulo loti dziko lake litulukemonso.