Magazi Akaundana M'mitsempha ya mu Ubongo: Kodi Kuyeza Magazi Kumathandiza Bwanji?

Ambirife mutu ukatiwawa timathamangira kunena kuti ndi malungo. Koma pali nthenda ina imene imayambanso ndi mutu. Siichitika kawirikawiri, koma imapha ngati tizengereza.

Nthendayi ndi yotani?

Magazi akagwira ntchito yake mu ubongo amabwerera ku mtima kudzera m'mitsempha. Nthawi zina magaziwo amaundana n'kutseka njira, monga zinyalala zimatsekera ngalande ya m'dimba. Zikatero ubongo umatupa, ndipo mwina timitsempha tina timaphulika.

Kafukufuku wa odwala 624 a m'maiko 21, amene anasindikizidwa m'chaka cha 2004, anaonetsa kuti atatu mwa odwala anayi aliwonse anali amayi. Pafupifupi 9 mwa 10 anamva mutu, ndipo pafupifupi 8 mwa 10 anachira bwinobwino.

Ndani ali pa chiopsezo?

Amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene, makamaka m'masabata 6 oyamba, amene akumwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen, amene madzi atha m'thupi, ochepa magazi, ndiponso odwala mafinya m'khutu kapena matenda oumitsa khosi.

Zizindikiro zake

Mutu wokulirakulira tsiku ndi tsiku umene sukumva mankhwala, kusanza, kuona mwachimbuuzi, kugwa ngati wakhunyu, kufooka mbali imodzi ya thupi, kapena kusokonezeka nzeru.

Adokotala amafuna chiyani m'magazi?

1. Kuwerenga magazi onse. Apa amaona ngati magazi achepa, ngati asilikali a m'thupi achuluka chifukwa cha tizilombo, ndiponso kuchuluka kwa mapulateleti, tizidutswa timene timaundanitsa magazi.

2. D-dimer. Thupi likamasungunula magazi oundana limasiya nyenyeswa zotchedwa dzinali. Zikakwera, adokotala amayamba kukayikira. Komabe zimakweranso mwa mayi woyembekezera kapena munthu amene wangochitidwa opaleshoni, ndipo mwa odwala ena sizikwera n'komwe, makamaka amene akumva mutu wokha kapena adwala kupitirira sabata.

3. Nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, ndi mmene impso zikugwirira ntchito. Izi zimathandiza posankha mankhwala ndi mlingo wake.

4. Malungo ndi matenda ena ofanana zizindikiro ndi nthendayi.

Tsono tigwiritse mfundo iyi: kuyeza magazi kumaloza njira, koma sikutsimikiza nthendayi, ndipo sikunganene kuti palibe. Chotsimikiza ndi kuunika mitsempha ya m'mutu ndi makina a CT kapena MRI, amene amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre. Choncho tikauzidwa kuti magazi ali bwino koma mutu ukukulabe, tibwerere kuchipatala msanga.

Chithandizo chilipo

Wodwala amayamba ndi jekeseni wa heparin, amene amaletsa magazi kupitiriza kuundana. Kenaka ambiri amamwa mapiritsi monga warfarin kwa miyezi 3 mpaka 12, akumayezetsa magazi pafupipafupi kuti mlingo usachepe kapena kupitirira. Mayi woyembekezera sapatsidwa warfarin. Iye amapitiriza jekeseni.

Udindo wathu

Safunsa anadya phula. Tili ndi ufulu wofunsa kuti magazi athu ayezedwa chiyani ndipo zotsatira zake zikutanthauzanji. Tifotokoze zonse osabisa: tsiku limene mutu unayamba, mapiritsi amene tikumwa, ngati tili ndi pakati kapena tabereka posachedwa. Mayi wa khanda akadandaula za mutu kapena akakomoka, abambo ndi anansi tisataye nthawi ndi kulozana zala. Tipeze choyendera tsiku lomwelo.

Mafunso okambirana

1. Kodi kwathu kuno timatani mayi wongobereka kumene akadandaula za mutu?
2. Nanga wodwala atatumizidwa ku chipatala chachikulu, tingathandizane bwanji pa mayendedwe?