Zombo zakale za pa nyanja yathu zikudikira amisiri a ku Kande ndi Chintheche

Woyenda pa msewu wa M5 akafika cha ku Kande ndi ku Chintheche salephera kuona timisasa ta osema ziboliboli. Pamakhala mvuu ndi njovu zakuda bii, mipando ya mafumu, mabawo, ndi timabwato tosemedwa pa chipika chimodzi, msodzi ali mkati ndi nkhafi yake. Luso lilipo, palibe angatsutse. Chosowa pa timisasati ndi chombo chochepetsedwa mwa muyeso wake: chokhala ndi msana, nthiti, mlongoti ndi thanga, chokhomedwa thabwa limodzilimodzi monga amakhomera chachikulu, komanso chofanana ndi chombo chimene chinayendadi pa nyanja ino.

Kusowa kumeneku kumandikhudza, chifukwa gombe la Atonga laona zombo zimene zinasintha dziko lino. Mu 1861 boti la David Livingstone, la nkhafi zinayi ndi thanga, linayenda m'mbali mwa gombeli mpaka kudera la Mankhambira. Pa 12 Okutobala 1875 Ilala yoyamba inalowa m'nyanja, anthu ataisenza zidutswazidutswa kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire, ndipo ndi iyo inkatumikira amishoni pamene Dr Robert Laws anasamutsa mishoni kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe mu 1881. Amuna ambiri Achitonga anagwira ntchito pa sitima za kampani ya Mandala. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inawoloka kukawononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko limene lero ndi Liuli. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira cha ku Chitimba ndipo anthu 145 anatsikira kulichete. Ilala ya lero, yomangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland, inayamba maulendo mu 1951. Anthu a ku Usisya ndi ku Ruarwe ndiwo angakuuzeni kufunika kwake. Mwana wa sukulu ku Mpamba atha kuloweza ena mwa mainawa, koma mukamufunsa maonekedwe, anganene za Ilala ya lero yokha.

Sitima zonsezi zisanabwere, nyanja inali kale ndi zombo za matanga. Cha m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo zombo za Aswahili zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya, kumene ulendo wapansi wa ku Kilwa unkayambira. Mu Sepitembala 1863 Livingstone anafika ku Nkhotakota n'kupeza Mwarabu wotchedwa Juma ben Saidi akukhoma chombo chatsopano m'malo mwa china chimene chinasweka. Mwayi wake, mzunguyo analemba muyeso: mafiti 50 m'litali, 12 m'lifupi, 5 kuya kwake. Analembanso mitengo yake. Matabwa anali a mtumbati, umene ife timati mlombwa, ndipo nthiti zinali za msolo. Kwa mmisiri wofuna kumanga kachombo koona, manambala atatu amenewa ndi chuma.

Wina adzafunsa ngati n'koyenera kutaya masabata kukongoletsa chombo chimene chinanyamula makolo athu atamangidwa magoli. Funsoli ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. Koma ine ndikuti chimangidwe. Mwana akauzidwa kuti akapolo ankawoloka nyanja, mawuwo amadutsa ngati mawu ena onse a m'kalasi. Akaona ndi maso kuti chombocho chinali chakuya mafiti asanu okha, kuti munthu wamkulu sakanaimirira pansi pake osawerama, n'kukumbukira mwera umene amaudziwa bwino mwezi wa Juni ndi Julayi, nkhaniyo imamulowa. Kachombo kotere sikoyamikira malonda aja. Ndi umboni.

Ntchito imayambira papepala. Mmisiri amasankha muyeso umodzi n'kuumamatira mpaka kumapeto. Tinene kuti pa masentimita 20 alionse a chombo chachikulu, kachombo katenga sentimita imodzi. Mafiti 50 ndi mamita 15 ndi pang'ono, choncho kachombo ka ku Nkhotakota katalika masentimita 76, m'lifupi 18, kuya kwake pafupifupi 8. Lamulo lomwelo likhudza chilichonse. Thabwa lokhuthala masentimita 4 lisanduka mamilimita 2. Munthu woima pa tsigiro akhala wa masentimita 8 kapena 9. Chinthu chimodzi chikaphonya muyeso, chingwe chikanenepa kwambiri kapena mlongoti ukakula, diso limazindikira msanga ngakhale mwini diso asadziwe chalakwika. Ilala ya lero, ya mamita 52, ingafune muyeso wina: sentimita imodzi pa mita iliyonse, kachombo n'kukhala ka masentimita 52.

Manambala a Livingstone sanena za kupindika kwa mimba ya chombo kapena kuthwa kwa mphuno yake. Zimenezo ziyenera kutengedwa pa zombo za matanga zimene zikuyendabe pakati pa Likoma ndi Cobue, kutsidya ku Mozambique. Izo ndi zidzukulu za zombo zakalezo, ndipo amene amazikhoma amasunga miyeso m'mutu.

Pepala likatha, mmisiri amadula msana pa thabwa lowongoka, louma bwino, n'kuukhomerera pa thabwa lina losalala kuti usasunthe. Nthiti amazidula ziwiriziwiri kuti ya kumanja ifanane ndi ya kumanzere, ndipo iliyonse amaiimika ndi sikweya. Apa pali kusiyana ndi amisiri ambiri a zombo zazikulu za Chiswahili, omwe amayamba ndi matabwa a pansi n'kumalowetsa nthiti pambuyo. Pa kachombo n'kosavuta kuyamba ndi nthiti. Kenako pamabwera ntchito imene opupuluma amailumpha. M'mbali mwa nthiti iliyonse muyenera kupalidwa mopendeka kuti thabwa lidzagone bwino, makamaka kumphuno ndi kumbuyo kumene chombo chimapanikizika. Choyesera chake ndi kansungwi kopyapyala: mmisiri amakagoneka modutsa nthiti zonse, ndipo pamene katukuka kapena kasiya mpata, nthiti imeneyo ikufuna kupalidwa kapena kuwonjezeredwa. Wothamangira kukhoma asanachite izi adzalipira pa thabwa lililonse.

Kukhoma timatabwa ndiye mtima wa ntchito yonse, ndipo vuto lake ndi limodzi lomwe okhoma maboti a chilimira pa magombe athu amalidziwa bwino. Chombo ndi chonenepa pakati, chopyapyala kumapeto, koma chiwerengero cha matabwa ndi chimodzimodzi kuyambira kumphuno mpaka kumbuyo. Ndiye kuti palibe thabwa limene lingakhale lofanana m'lifupi monsemo. Mmisiri amatenga kapepala kakatali n'kuyeza nako nthiti iliyonse kuchokera pa msana kufika pamwamba, n'kugawa utaliwo ndi chiwerengero cha timatabwa. Ngati nthiti ya pakati ili masentimita 14 ndipo timatabwa tili 14, kalikonse katenga sentimita imodzi pamenepo. Ngati nthiti ya kumphuno ili masentimita 9, kathabwa komweko kachepetsedwe kufika mamilimita 6 ndi pang'ono. Odziwa ntchitoyi salola kathabwa kuchepa kupyola theka la m'lifupi mwake, chifukwa nsonga yothwa ngati singano sigwira msomali pa chombo chenicheni. Pakafika potero, timatabwa tiwiri timathera pa kamodzi. Kumbuyo, kumene nthawi zina malo amakula, amalowetsa kathabwa kafupi kodzaza mpata.

Kathabwa kouma kakakakamizidwa kupinda kamathyoka. Amakaviika m'madzi otentha kwa kanthawi, n'kukapinda pang'onopang'ono pa chitini kapena paipi yotentha, kenako n'kukamangirira pa nthiti popanda guluu mpaka kaume. Mapegi oyanikira zovala, timapini ndi malegeni zimakwana kugwirira. Kakauma ndi pamene amapaka guluu woyera wa akalipentala. Womata kathabwa kakadali konyowa adzapeza mng'alu m'mawa, popeza mtengo ukamauma umafota. Ndipo timatabwa timakhomedwa mosinthana, kamodzi kumanja, kena kumanzere. Mukadzaza mbali imodzi yokha, mphamvu ya timatabwa imakoka msana, kachombo n'kupotoka, ndipo kupotoka kumeneko kulibe mankhwala. Pa tsiku, timatabwa tiwiri kapena tinayi n'tokwanira. Munthu amene anazolowera kumaliza mvuu zingapo pa sabata ayenera kuphunzira mtima wina.

Thupi likatsekeka, timapini timazulidwa, ndipo m'timabowo mwake amakhomeramo tizitsotso ta nsungwi kuti tioneke ngati misomali. Sandipepa amayamba wokhakhala n'kumalizira wosalala. Pano ndipemphe osema athu kuti polishi wa nsapato amusiyire njovu. Kachombo kamafuna mafuta pang'ono kapena vanishi wosungunula, kuti mizere ya timatabwa ioneke, poti mizereyo ndiyo umboni wa ntchito. Mlongoti umaima mopendekera kutsogolo, mtanda wa thanga umakhala wautali, ndipo thanga lenilenilo limakhala longa la ngodya zitatu. Nsalu yopyapyala ya thonje ikaviikidwa mu tiyi imataya kuyera kwa m'sitolo, ndipo ulusi wosokera maukonde umakhala zingwe zabwino.

Nkhani ya mitengo ndi imene ikundipangitsa kukhulupirira kuti luso limeneli ndi loyenera boma la Nkhata Bay. Mvuu imodzi imadya chipika chathunthu, ndipo gawo lalikulu la chipikacho limathera pansi ngati zipalapala. Phingo akusowa, mlombwa waukulu ukupezeka kutali, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020, linakhwimitsa zilango kwa odula mitengo popanda chilolezo. Kachombo ka masentimita 76 kangatuluke pa zidutswa zimene kalipentala wa pa Chintheche amataya akamaliza chitseko. Mlombwa ndi mbawa zimakongola pa thupi la chombo. Malaina ndi ofewa komanso oyera, oyenera pamwamba. Paini wa ku Chikangawa angagwire ntchito ya nthiti zobisika, koma mizere yake ndi ikuluikulu moti pa timatabwa ta kunja imasokoneza muyeso. Matabwa a mitengo ya rabara ya ku Vizara nawo ali pafupi. Chofunika kusamala ndi chinyezi. Dera lino ndi limodzi mwa madera a mvula yambiri m'Malawi, ndipo thabwa losauma bwino pamthunzi lidzapindika kachombo katatha kale.

Luso lochepetsa zombo si lachilendo padziko. M'manda a Meketre, nduna ya ku Egypt ya zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, munapezeka timabwato tamatabwa mu 1920, ndipo akatswiri aphunzirapo zambiri za mmene anthu ankayendera pa mtsinje wa Nile. Ku England, kuyambira m'zaka za m'ma 1600, ankamanga tizombo ta nkhondo, nthawi zambiri pa muyeso wa 1 pa 48, ndipo tambiri tikusungidwa ku Greenwich pamene zombo zenizenizo zinaola kalekale. Kwathu kuno maziko alipo kale. Ana a m'mbali mwa nyanja amasema timabwato ta chiwale, okhoma maboti amadziwa kupinda thabwa, osema amadziwa tchizulo ndi sompho. Chosowa ndi kuwakumanitsa pamodzi ndi chojambula cholondola.

Tisanamizane za msika. Ntchito ya masabata angapo singagulitsidwe pa mtengo wa kanjovu, ndipo mlendo wa chikwama cha kumsana sanganyamule chinthu chosachedwa kuthyoka pokhapokha mlongoti ukhale wozula ndipo pakhale kabokosi kake. Ogula oyamba ayenera kukhala a konkuno: malo ogona alendo a ku Kande ndi ku Chintheche, sukulu monga Bandawe Girls, mipingo, ndi nyumba zosungira mbiri monga Stone House ku Livingstonia ndi ya ku Mangochi yosunga mbiri ya nyanjayi. Kachombo kalikonse kakhale ndi kapepala konena dzina la chombo, chaka, muyeso ndi mitengo yake, m'Chitonga, m'Chichewa ndi m'Chingerezi.

Mu 2031 padzakhala patatha zaka 150 chikhazikitsireni mishoni ya Bandawe. Sinodi ya Livingstonia ingaitanitse kachombo ka Ilala yoyamba kuti kadzaime kumeneko, ndipo TEVETA ingaike phunziroli pambali pa ukalipentala. Koma ntchito yoyamba ndi yofulumira kuposa zimenezi. Injini zikulowa m'malo mwa matanga, ndipo chombo chamatabwa chikaola pagombe muyeso wake umapita nacho. A nthambi ya boma yoona za mbiri ndi zinthu zakale atumize anthu ku Likoma ndi tepi, kamera ndi kope, apite limodzi ndi amisiri awiri kapena atatu a ku Kande ndi Chintheche, akayeze zombo zimene zatsala.