Rodeo ya ku America ndi ng'ombe za ku Chilumba

Patchuthi cha Disembala tinali m'gulu la achinyamata a mpingo amene anakacheza ku Chilumba, m'boma la Karonga, kwa tsiku limodzi. Minibasi ikutsetsereka pa Chiweta, mnzathu wina anatulutsa foni n'kutionetsa kanema wa mnyamata wachipewa chachikulu atakwera nkhunzi yolusa, anthu akukuwa m'mbali. Anati masewerawa ndi rodeo, ndipo tsiku lina akadzalemera adzakaonera yekha ku America. Tinamuseka. Koma madzulo pobwerera nkhani inali yomweyo: kodi chimene anthu amalipira kuti akaone kumeneko n'chiyani, nanga chikusiyana pati ndi zimene tinaona m'minda ya mpunga ya ku Hara?

Rodeo inayamba ngati ntchito

Liwu loti rodeo linachokera ku Chisipanishi, ku mawu otanthauza kuzungulira kapena kusonkhanitsa ziweto. Abusa a ku Mexico ankaweta ng'ombe zambirimbiri m'madambo opanda mpanda, atakwera pa akavalo. Nthawi ikakwana ankazisonkhanitsa, kukola ana a ng'ombe ndi chingwe n'kuwaika chizindikiro cha mwini wake. Luso limeneli linafalikira kumadzulo kwa America, ndipo nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865, abusa ankakusa ng'ombe kuchokera ku Texas mpaka ku masiteshoni a sitima a ku Kansas, ulendo wa miyezi iwiri kapena itatu. Akapuma ankapikisana kuti aone katswiri pokola ndi pokwera.

Njanji itafika pafupi ndipo minda itatchingidwa ndi waya waminga, maulendo aja anatha, koma mpikisano unatsala n'kusanduka chionetsero. Mzinda wa Cheyenne, ku Wyoming, wakhala ukuchititsa chikondwerero chake kuyambira mu 1897. Ku Calgary, m'dziko la Canada, chinayamba mu 1912. Tauni ya Cody, ku Wyoming komweko, imaonetsa rodeo usiku uliwonse kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndipo alendo ndiwo amabweretsa ndalama. Wokwera nkhunzi amayenera kukhalapo masekondi 8 atagwira chingwe ndi dzanja limodzi, linalo osakhudza nyamayo. Anthu amavulala, ziweto zimavulalanso, n'chifukwa chake mabungwe oteteza nyama amatsutsa masewerawa.

Zimene tinapeza ku Chilumba

Chilumba ali m'mbali mwa nyanja, pafupifupi makilomita 70 kummwera kwa Karonga boma. Azungu ankamutcha Deep Bay. Ambiri amamudziwa chifukwa cha doko limene sitima ya Ilala imakocheza isanatembenuke kubwerera kummwera. Ife tinafika padokopo, kujambulitsa, kugula usipa. Tikanabwerera pomwepo, ulendo wathu ukanakhala wa zithunzi zokha.

Mkulu wampingo amene anatilandira anatitengera kuminda ya mpunga ya ku Hara. Kumeneko n'kumene tinaona ng'ombe zili pantchito. N'zazing'ono, zalinunda, za mtundu umene alangizi amautcha Malawi Zebu. Sizipatsa mkaka wambiri, koma zimapirira kutentha kwa kunyanja ndi matenda obwera ndi nkhupakupa kuposa ng'ombe zachizungu. Zinali ziwiriziwiri pagoli, zikukoka pulawo m'matope ofika m'mawondo, wina atagwira pulawo, mnyamata akuzitsogolera. Mpunga wa Kilombero umene timaupempha ndi dzina m'misika ya ku Mzuzu ndi ku Lilongwe umayambira m'matope amenewa.

Ng'ombe yolima siingobadwa yodziwa goli. Mlimi amasankha ziwiri zofanana msinkhu ndi mphamvu, chifukwa ina ikaposa inzake goli limapendekeka n'kutupitsa khosi la yofookayo. Amazifula kuti zifatse. Kenaka amazizoloweza chingwe, n'kubwera goli lopanda katundu, n'kubwera chipika choti zikoke, pulawo kapena ngolo n'kumapeto. Iliyonse imakhala ndi dzina ndi mbali yake, ndipo ukazisinthanitsa zimasokonezeka. Zimalima m'mawa dzuwa lisanakwere, kenaka n'kuzimasula kuti zikadye ndi kumwa. Mmodzi wa ife anapempha kugwira pulawo. Mzere wake unakhota ngati njoka, ndipo ana amene ankationerera anagwa nako kuseka.

Kuno ng'ombe ndi chuma chenicheni. Imalima, imatuta mpunga pangolo, imapereka manyowa, imalipira fizi ikagulitsidwa, ndipo pakati pa Atumbuka ndi Ankhonde imalowa pa malowolo. Imodzi ikafa mvula itagwa kale, inzake singalime yokha. Banjalo limabwereka kapena kulipira ena, limawokera mochedwa, ndipo zokolola zimachepa.

Kusiyana kuli apa

Rodeo ndi ulimi wa ku Hara zonse zinabadwa pa ntchito ya munthu ndi ng'ombe. Koma ku rodeo katswiri ndi amene wapirira pa nyama yolusa, ndipo nkhunzi ikamadumpha kwambiri m'pamene mapointi amachuluka. Ku Hara katswiri ndi amene ng'ombe zake zimamva mawu ake popanda chikwapu. Luso loyambalo limatha m'masekondi 8 anthu akuwomba m'manja. Lachiwirili limatenga miyezi, palibe woliwombera m'manja, koma ndi limene limatidyetsa.

Sitikunena kuti kwathu zonse zili bwino. Pamsewu wa ku Uliwa tinakumana ndi ngolo yodzaza mopyola muyeso, ng'ombe ina ili ndi chilonda pakhosi, woyendetsa akuimenyabe. Nkhanza kwa ziweto sizifuna bwalo la masewero.

Ife osunga Sabata tili ndi chifukwa chapadera choganizira zimenezi. Lamulo lachinayi, monga lalembedwera pa Deuteronomo 5:14, limatchula ng'ombe ndi bulu pakati pa oyenera kupuma. Eksodo 23:12 amabwereza zomwezo, Deuteronomo 25:4 amaletsa kumanga pakamwa ng'ombe yopuntha tirigu, ndipo Miyambo 12:10 imaika kusamala chiweto pakati pa zizindikiro za munthu wolungama. Funso limene linatisowetsa mtendere m'minibasi linali ili: nanga Mkhristu amene amapita kutchalitchi pa Sabata, koma ng'ombe zake wabwereketsa kuti zikalime kwa mnzake tsiku lomwelo, wasunga lamulo lonse? Sitinagwirizane chimodzi, ndipo tikupempha kuti funsoli likambidwe m'makalasi a Sukulu ya Sabata.

Kwa anzathu a maphunziro a uphunzitsi

Posachedwa tidzakhala tikutsogolera ana pamaulendo a sukulu. Ulendo waufupi umapindula ukakhala ndi funso limodzi lokayankha ndiponso munthu wa komweko wotilondolera. Tipite nthawi imene ntchito ikuchitika, osati dzuwa lili paliwombo minda ili zii. Tipemphe chilolezo tisanajambule munthu m'munda mwake, chifukwa iye sali pachionetsero. Ndipo ana akafunsa za anyamata a zipewa a m'mafilimu, tiwafotokozere kumene masewerawo anachokera, kenaka tiwatengere kwa mlimi wapafupi akaone goli ndi kuligwira.

Mnzathu uja sanasinthe maganizo, akuti ku Cody adzapitabe. Koma ndi iyeyo amene mzere wake unakhota ku Hara, ndipo wapempha kuti tikadzabwererako adzayesenso.