Injini ikamalira timiyala pachitunda, onani tayimingi

Mapulagi mwasintha, kabureta mwatsukitsa, koma galimoto ikangoyamba kukwera chitunda itasenza matumba a chimanga, injini ikulira ngati wina akugwedeza timiyala m'chitini. Petulo naye sakuchedwa kutha. Ambiri zikatere amathamangira kunena kuti injini yatopa, pomwe nthawi zina vuto ndi laling'ono: moto ukuyaka nthawi yolakwika.

Nkhaniyi ikukhudza galimoto zakale zoyendera petulo zokhala ndi distributor, monga Peugeot 404, Land Rover zakale, Volkswagen Beetle ndi Nissan 1400, yomwe idapangidwa ku South Africa mpaka 2008. Galimoto zamakono tayimingi imayendetsedwa ndi kompyuta, koma izi zimadalira dzanja la makaniko.

Mkati mwa silinda, pisitoni imakwera n'kupanikiza petulo wosakanizika ndi mpweya, ndipo pulagi imathetheka moto kuti ayake. Koma petuloyo sapsa nthawi imodzi, amatenga kanthawi. N'chifukwa chake moto uyenera kuyatsidwa pisitoni isanafike pamwamba penipeni, kuti mphamvu yonse iipeze itangoyamba kutsika.

Zili ngati kukankha mwana pa katungwe. Mukafulumira, mugundana naye akubwerabe. Mukachedwa, mungokankha mphepo.

Moto ukafulumira kwambiri, mphamvu imamenyana ndi pisitoni ikadakwera. Apa ndi pomwe pamachokera kulira kwa timiyala kuja, ndipo mukakunyalanyaza pisitoni imatha kubooka. Moto ukachedwa, galimoto imafooka, imamwa petulo ndipo injini imatentha.

Chovuta n'chakuti nthawi yoyenerayo imasintha ndi liwiro. Injini ikangolira galimoto itaima, imazungulira pafupifupi ka 15 pa sekondi. Ikafika pa 3,000 pa mphindi, ndiye kuti ikuzungulira ka 50 pa sekondi. Pisitoni yawonjezera liwiro koma petulo akufunabe kanthawi kake, choncho moto uyenera kuyambirira.

Ntchito imeneyi distributor amaigwira yekha m'njira ziwiri. Pansi pa mapoyinti pali tizitsulo tiwiri togwidwa ndi masipuling'i. Injini ikathamanga timatambasuka n'kufulumizitsa moto. Pambali pali kachitini kolumikizidwa ku kabureta ndi kapaipi. Pamene simukuponda mafuta kwambiri, kamafulumizitsanso moto kuti petulo asawonongeke.

Titenge chitsanzo cha Beetle, yomwe idapangidwa ku Uitenhage, South Africa, kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo yomaliza padziko lonse idatuluka ku Mexico mu 2003. Injini yake imazizira ndi mpweya, ilibe madzi, kotero tayimingi ikalakwika sichedwa kupsa.

Choyamba ndi mapoyinti. Mpata wake ukhale mamilimita 0.4. Yambirani pamenepa chifukwa mpatawu ukasintha, tayimingi nayo imasuntha.

Kenako, injini ili chozima, zungulitsani pule ya pansi mpaka kachizindikiro kake kalunjike pa mzere pomwe zigawo ziwiri za injini zidakumana, rota italoza ku waya wa silinda yoyamba. Tengani babu la mavoti ofanana ndi batire, waya wina pa koyilo mbali yopita ku mapoyinti, wina pa chitsulo cha injini. Tsegulani kiyi osaliza injini, masulani nati yogwira distributor ndi sipanala ya 10, mumutembenuze motsata wotchi mpaka babu lizime. Tsopano bwererani naye pang'onopang'ono. Pomwe babu layakira, imani ndi kumanga nati.

Beetle zambiri zimafuna madigiri 7.5 pisitoni isanafike pamwamba, koma pali zina zofuna 0, ndi zina madigiri 5 itadutsa. Zimatengera chaka ndi mtundu wa distributor. Safunsa adadya phula: onani buku la galimoto yanu musanamasule nati iliyonse.

Babu limangokuuzani poyambira. Kuti mudziwe ngati moto ukufulumira bwino pa liwiro, pamafunika timing light, tochi yophethira nthawi iliyonse pulagi yoyamba ikayaka. Mukaponda mafuta, kachizindikiro ka pa pule kaoneke kakusuntha. Pa Beetle ya distributor wopanda kachitini, amakaniko amatchera pakati pa madigiri 28 ndi 32 injini ili pa 3,000, ndipo sapyola pamenepo.

Kachizindikiro kakapanda kusuntha, vulani chivindikiro cha distributor. Potozani rota ndi zala: ipite pang'ono n'kubwerera yokha. Ikauma, tizitsulo tija tagwira dzimbiri kapena fumbi, tifunika kutsuka ndi dontho la oyilo. Kenako yamwani kapaipi ka kachitini ndi pakamwa. Mbale ya mapoyinti isunthe. Mpweya ukamangodutsa, kachikopa ka mkati kang'ambika.

Kumbukiraninso kuti manambala a m'buku adalembedwa petulo ali wina. Mayiko a kuno kum'mwera kwa Sahara adasiya petulo wa mtovu kumayambiriro kwa 2006, ndipo ku Malawi petulo adayamba kusakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa mu 1982. Choncho mukamaliza kutchera, kayeseni pamsewu. Injini itatentha, kwerani chitunda pa giya yapamwamba n'kuponda mafuta. Mukamva timiyala, bwezani moto madigiri awiri, muyesenso.

Alipo amene amangotembenuza distributor mpaka injini ilire mokoma m'makutu. Vuto ndi lakuti injini yopanda katundu imalira bwino ngakhale moto utafulumira mopyola, ndipo zoona zake zimakatulukira pachitunda, katundu wa kumsika ali kumbuyo. Mukakasiya galimoto ku galaja, funsani makaniko kuti waitchera pa madigiri angati komanso wayeza ndi chiyani. Ntchitoyi sipitirira theka la ola, pomwe pisitoni ikabooka injini yonse imatsitsidwa.